Nzeru za M'mbali mwa Msewu

Munthu wokwera minibasi mu Blantyre kupita ku Ndirande, kapena wochokera ku Limbe kulowera ku Bangwe, amawerenga mawu ambiri asanatsike, ngakhale kuti alibe buku m'manja. Pagalasi la kumbuyo kwa minibasi ina palembedwa kuti "Zonse ndi Nthawi". Pakhoma la golosale pali dzina lakuti "Tiyamike", pa okala yoyandikana nayo pali "Tiyeseko", ndipo kumbuyo kwa njinga ya kabaza kwapachikidwa kachikwangwani konena kuti "Khama Lipindula". Mawu oterewa ndi ochuluka zedi ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri, mwakuti maso adawazolowera, ndipo anthu amangowadutsa monga momwe amadutsira mitengo ya magetsi. Komatu malemba amenewa amawerengedwa ndi anthu ambiri kuposa buku lililonse la m'kalasi. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mu mzinda wa Blantyre mudali anthu oposa 800,000, ndipo ochuluka mwa iwo amagona m'malokeshoni, kumene mawuwa amawalonjera m'mawa ndi kuwaperekeza madzulo.

Chinthu chowerengedwa ndi khamu lotere n'choyenera kuchiunika monga momwe amaunikira ndakatulo kapena nkhani yaifupi. Ambiri mwa mawuwa amakamba za kudekha, kuyamika, kulimba mtima ndi kukula kwa munthu m'maganizo. Imeneyi ndi mitu yokoma m'khutu, ndipo kukoma kwakeko ndiko kumachititsa owerenga kuivomera osaifunsa. Wounika wabwino amakhala ndi mafunso atatu. Kodi mawuwa adalukidwa mwaluso? Kodi zimene akunena n'zoona? Nanga woyankhula ndani, ndipo akuuza yani? Funso lachitatuli ndilo lofunika koposa, monga momwe zidzaonekere kutsogoloku.

Poyamba ndi bwino kudziwa kumene malembawa adachokera. Kumudzi nzeru za makhalidwe zinkaperekedwa pakamwa. Mwana ankazimva m'nthano za madzulo, mnyamata ankazitola pabwalo pamene akuluakulu ankazenga milandu, ndipo namwali ankazilandira kwa anamkungwi. Buku la John Gwengwe lotchedwa Kukula ndi Mwambo limafotokoza bwino maphunziro a mtundu umenewu. Koma mzinda wa Blantyre, umene udayamba ndi mishoni ya Asikotishi mu 1876, udakula ndi anthu obwera kudzafuna ntchito kuchokera ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu, Ntcheu ndi kutsidya kwa malire ku Mozambique. Lokeshoni ya Ndirande idatukumuka pafupi ndi mafakitale a ku Makata. Mwana wobadwira m'nyumba ya lendi kumeneko agogo ake amakhala kutali, ndipo bwalo lake ndi msika. Kufikira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, anthu ambiri ankayenda pa mabasi akuluakulu a UTM, amene adalowa m'manja mwa kampani ya Stagecoach mu 1989, ndipo mabasiwo ankangonyamula dzina la kampani. Malamulo a malonda atamasuka m'zaka zotsatira, anthu wamba adagula maminibasi ndi kutsegula timaokala tambirimbiri. Aliyense adapeza khoma lakelake kapena galasi lakelake, nalembapo zimene zidali kumtima kwake.

Pa funso la luso, chinthu choyamba kuoneka ndi kufupika. Malo ndi ochepa, penti ndi wodula, ndipo galimoto imakhala ikuthamanga. Choncho mlembi alibe mpata wa chiganizo chachitali. Mawu awiri kapena atatu ayenera kusenza ganizo lonse. Pamenepa malembawa ndi abale a miyambi, yonga imene Stevenson Kumakanga adasonkhanitsa mu Nzeru za Kale, kapena imene Bambo Joseph Chakanza adaika m'buku la miyambi 2,000 limene lidatuluka mu 2000. Komabe pali kusiyana kwakukulu. Mwambi umabisa phunzo lake m'chithunzi. Akuluakulu akati kuona maso a nkhono n'kudekha, womvera amaona mwana atanjuta pafupi ndi chigoba, osagwedeza udzu, osachotsa maso, kufikira kanyamako katatulutsa tinyanga take. Chithunzicho chimaphunzitsa kuti kudekha kuli ndi cholinga, kuli ndi kachitidwe kake, ndiponso kuli ndi polekezera. Mawu akuti "Zonse ndi Nthawi" alibe chithunzi chotere. Amamveka bwino, ndipo amakumbutsa mutu wachitatu wa buku la Mlaliki, koma sanena chimene munthu ayenera kuchita pamene nthawiyo isanakwane. Mlimi woyembekeza chimanga chimene adabzala ndi mlesi woyembekeza mwayi, onse awiri angathe kuwatchula osasinthapo kanthu. Mawu amene amakwana pakamwa pa wakhama ndi pa waulesi mofanana amatonthoza, koma saongola munthu.

Luso lenileni la m'malokeshoni limapezeka m'mayina a timalonda ting'onoting'ono. Dzina lakuti "Tiyeseko" lili ndi maphatikizo anayi okha, koma lililonse lili ndi ntchito. Phatikizo loyamba, ti-, limasonyeza kuti mwini okala sali yekha. Kumbuyo kwake kuli banja limene lidasonkha mpamba. Mneni akuthera ndi -e m'malo mwa -a, kusonyeza chifuniro, chinthu chimene sichinachitike ndipo chingathe kulephereka. Phatikizo lomaliza, -ko, limachepetsa, monga momwe mlendo amanenera kuti "ndilaweko" posafuna kuoneka wadyera. Chotero m'dzinali muli kulimba mtima, muli kudzichepetsa, mulinso kuvomera kuti malonda angathe kugwa. Dzina lakuti "Tayambanawo" limachita chimodzimodzi: liwu lakuti nawo likuvomereza kuti alipo ena amene adayamba kale, ndipo watsopanoyu akungopempha malo pambali pawo. Mayina amenewa amanena zoona za mwiniwake popanda kulonjeza zimene sangazikwanitse, ndipo n'chifukwa chake amaposa ziganizo zambiri zokuluwika.

Mwambo womanga uthenga m'dzina ndi wakale. Mayina a ana monga Pirirani, Limbani, Yamikani ndi Thokozani ndi malamulo, ndipo -ni wa kumapeto akusonyeza kuti akuuzidwa ndi anthu ambiri kapena munthu wolemekezeka. Khandalo silingamve kanthu. Akuuzidwa ndi makolo ndi abale amene mwina adangochoka pa maliro kapena pa njala. Pambali pa mayina olimbikitsawa pali Mavuto ndi Masautso, amene amatchula zowawa poyera. Izi zikusonyeza kuti makolo sankaona kulimba mtima ngati kubisa misozi. Khoma la m'tauni lidatengera mbali imodzi yokha ya mwambowu, pakuti palibe wamalonda amene angatche golosale yake Masautso. Choncho wowerenga ayenera kukumbukira kuti malemba a m'mbali mwa msewu ndi osankhidwa, ndipo theka lina la moyo wa mwiniwake silinalembedwe.

Pa funso la choonadi, pafunika kusiyanitsa mawu anayi amene anthu amawasakaniza. Kudikira ndi kulola nthawi kuti idutse, monga amachitira amayi amene andanda ndi zigubu pa mpope wouma. Kuleza mtima ndi kugwira mkwiyo kuti usaphulike. Kupirira ndi kusenza zowawa osagwa. Kudekha ndi kukhazika maganizo pansi kuti munthu aone bwino chochita. Mwa anayiwa, kudekha kokha ndiko kumakhala kwabwino nthawi zonse. Kudikira kungasanduke ulesi, ndipo akuluakulu adachenjeza kale kuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Kuleza mtima kungasanduke mantha. Kupirira kungathe kupha, pakuti mbewa ya manyazi idafera kuuna. Mayi womenyedwa tsiku ndi tsiku amene amangouzidwa kuti banja n'kupirira sakuphunzitsidwa khalidwe. Akutsekeredwa chitseko chimene akadatulukira. Ngakhale Yobu, amene amatchulidwa ngati chitsanzo cha kupirira, sadakhale chete: mbali yaikulu ya buku lake ndi madandaulo ndi mafunso. Malemba a pakhoma kawirikawiri sasiyanitsa zimenezi, ndipo ntchito yosiyanitsayo imatsalira wowerenga.

Apa m'pamene funso lachitatu limaonetsa kulemera kwake. Mayi wogulitsa zitumbuwa ku Zingwangwa akalemba "Pirira" pa kabokosi kake, akudziyankhula yekha, ndipo ali ndi ufulu wonse wotero, chifukwa ndiye amadzuka tambala woyamba kukasonkha moto. Liwu lomwelo likachoka pakamwa pa bwana amene wachedwetsa malipiro a antchito ake, lasanduka chingwe chomangira anzake. Mbiri ya Blantyre imachitira umboni zimenezi. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi, kumvera kudali imodzi mwa ngodya zinayi zimene ana asukulu ankaloweza, pamodzi ndi umodzi, kukhulupirika ndi kusunga mwambo. Anthu adapirira zaka zambiri, ndipo kukhala chete kwawo kunkatchedwa bata ndi mtendere. Pa 8 Marichi 1992, m'matchalitchi a Katolika mudawerengedwa kalata ya maepiskopi imene idatchula poyera za malipiro ochepa, kusiyana kwa olemera ndi osauka, ndi kusowa kwa ufulu woyankhula. Mu Meyi chaka chomwecho antchito a pafakitale ya nsalu ya David Whitehead adanyanyala ntchito pofuna malipiro abwino. Kunyanyalako kudafalikira mu mzinda, kudabuka zipolowe, masitolo adathyoledwa, ndipo anthu oposa 30 adaphedwa. Pa 14 Juni 1993 Amalawi adaponya voti yosankha ulamuliro wa zipani zambiri. Palibe angayamikire kuthyola masitolo kapena kukhetsa mwazi, koma phunzo lake n'loonekeratu: madandaulo otsekeredwa nthawi yaitali m'dzina la kupirira amatuluka ngati madzi ogumula damu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo womuletsa kutsekula asadabwe ndi zotsatira zake.

Kudekha kopindulitsa kulipo m'malokeshoni, ngakhale kuti sikulembedwa kawirikawiri pagalasi. Chitsanzo chake ndi banki m'khonde. Amayi a ku Bangwe kapena ku Machinjiri amakumana mlungu ndi mlungu, aliyense n'kuponya kangachepe, n'kumabwerekana pa chiwongoladzanja chimene adagwirizana, ndipo pakutha pa chaka amagawana. Ndalama imeneyo yalipirira ana ambiri sukulu, yagula malata, ndiponso yayambitsa mageni. Apa mwambi wakuti pang'onopang'ono ndi mtolo ukuoneka ndi maso, chifukwa kudikirako kuli ndi kaundula, kuli ndi malamulo, kulinso ndi tsiku lodziwika lokolola. Komabe ngakhale kudekha kotere kumafuna kutsegula maso. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi magawo 25 pa 100 alionse, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi magawo 44 pa 100 alionse. Amene adasunga ndalama pansi pa mphasa adapeza kuti zimene zikadagula matumba awiri a feteleza sizikukwaniranso. Amene adasandutsa ndalama zawo kukhala njerwa, mbuzi kapena katundu wa malonda adapulumukako. Mawu akuti "Khama Lipindula" ndi oona, koma ndi oona mwatheka. Wonyamula katundu mumsika wa Ndirande ali ndi khama loposa la anthu ambiri a m'maofesi, ndipo amagona ndi njala. Khama limapindula likakumana ndi nzeru, ndi mpata, ndi malipiro achilungamo. Mlembi wa pakhoma alibe malo olembapo zonsezi, koma wophunzira ali nawo m'mutu mwake.

Mawu a kuyamika nawonso afunika kuwasanthula. Chichewa chili ndi kuthokoza, kuyamika ndi kutamanda. Munthu amathokoza chifukwa cha chinthu chimene walandira, amayamika poona ubwino wa chinthu kapena wa munthu, ndipo amatamanda pokweza wina pamaso pa anthu. Kumudzi kuthokoza kudali ndi mwambo wake: kulandira ndi manja awiri, kuwomba m'manja, ndi kukumbutsanso tsiku lotsatira za zabwino za dzulo. Dzina lakuti "Tiyamike" pa golosale yaing'ono lili ndi mphamvu chifukwa likutsutsana ndi mtima wa m'tauni wosirira chilichonse. Mwana wa ku Chilomoni amaona nyumba zamipanda za ku Namiwawa tsiku lililonse, ndipo mtima wosadziwa kuyamika ungamufikitse pa ngongole za katapila kapena pa kuba. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Kuyamika chimene chili m'manja kumapatsa munthu poima pamene akufunafuna china.

Koma kuyamika kuli ndi mlongo wake wonyenga, ndiye kushashalika. Wantchito akalandira malipiro amene adakhetsera thukuta, ulemu umafuna kuti anene zikomo, koma asaganize kuti wapatsidwa mphatso. Anthu akamangiridwa mlatho ndi ndalama za misonkho yawo, sali pa ngongole kwa amene wadzadula riboni. Pamene nsalu ndi timatumba ta ufa zikugawidwa chisankho chili pafupi, kuvina kothokoza kumakhala malipiro a chinthu chimene sichinayenere kugulitsidwa. Njira yosiyanitsira ndi yapafupi. Kuthokoza koona kumatchula chinthu chenicheni ndi munthu weniweni, ndipo kumabala kupatsa, popeza kupatsa n'kuika. Kushashalika kumangochulukitsa mawu okweza, ndipo kumayang'ana dzanja la wopatsayo kuti litulutsenso china.

Mayeso aakulu a malemba onsewa adafika mu Marichi 2023 ndi namondwe wa Freddy. Mvula idagwa masiku angapo osalekeza, ndipo matope ndi miyala zidagumuka kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. Mitsinje ya mu mzinda idasefukira n'kukokolola nyumba za m'mbali mwake. M'dziko lonse anthu oposa 600 adamwalira, ena oposa 500 adasowa, ndipo boma lidalengeza masiku 14 olira maliro. Pa nthawi yotere mawu monga "Zonse ndi Mulungu" adagwira ntchito imene wounika aliyense ayenera kuilemekeza. Munthu amene wataya ana ake usiku umodzi safuna kulongosoleredwa. Amafuna mawu oti atsamire kufikira kutacha. Wonyoza chitonthozo chotere sanaonepo maliro.

Komatu misozi ikauma, mawu omwewo akakhala yankho lokhalo, amatseka mafunso amene angapulumutse ena mawa. Mapiri a mu mzindawu adali ndi mitengo. Nkhalango ya m'phiri la Ndirande idatha m'zaka za m'ma 1990, ndipo malo otsetsereka a mapiri ena adadzaza nyumba. Ambiri mwa omanga kumeneko sadachite dala. Adasowa malo otsika mtengo kwina kulikonse. Choncho mlanduwu ndi wa mzinda wonse, wa ogawa malo, wa ootcha makala ndi wa ogula makalawo. Mwambi wakuti madzi saiwala khwawa unkayenera kulembedwa pamakoma ambiri kuposa momwe udalembedwera. Chodziwika n'chakuti kulimba mtima kwenikweni kwa masiku amenewo kudaoneka m'manja mwa anthu: anyamata amene ankafukula matope ndi makasu, ena ndi zala zokha, ndi amayi amene adanyamula ufa ndi zovala kupita kumisasa ya m'masukulu ndi m'matchalitchi. Iwowa ankadziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pali gulu lina la malemba limene limaoneka ngati lolimbikitsa koma lili ndi minga. Awa ndi mawu monga "Alekeni Anene" ndi ena otchula nsanje ndi adani. Ubwino wake ulipo. M'lokeshoni nyumba ndi zothithikana, khoma limamva, ndipo miseche yagwetsa anthu ambiri amene ankayesa kudzitukula. Wolemba mawu otere akudziuza kuti asabwerere m'mbuyo chifukwa cha pakamwa pa anthu. Koma vuto lake n'lakuti mawuwa amasandutsa mnansi aliyense kukhala mdani, ndi chidzudzulo chilichonse kukhala nsanje. Mnyamata wozolowera kunena kuti alekeni anene sadzamva mphunzitsi womuchenjeza za mowa, kapena mayi womuletsa anzake oipa. Safunsa adadya phula. Munthu amakula pomva zimene ena akumunena, n'kusankhapo zoona, n'kutaya zabodza. Wotseka makutu onse awiri amangokula msinkhu.

Wounika sangalephere kuonanso msemphano umene umakhalapo pakati pa mawu ndi zochita. Minibasi yolembedwa kuti zonse ndi nthawi ndiyo yomwe imalanda njira ya inzake pothamangira wokwera mmodzi. Ina imalengeza kuti Mulungu ndiye mtetezi pamene matayala ake ndi operepeseka ndipo anthu apanikizana kuposa mipando. Golosale yotchedwa "Tikondane" ili ndi kachikwangwani pakauntala konena kuti "Ngongole mawa". Msemphano womalizawu ndi wokoma, pakuti mwini golosale wapeza njira yokanira ngongole popanda kunyoza wopempha. Mawa lakelo silifika, ndipo onse awiri amaseka. Koma msemphano wa matayala operepeseka suseketsa. Pamenepo mawu opatulika asanduka chithumwa, chinthu chopachika kuti chigwire ntchito imene mwini galimoto waizemba. Mtengo wa chiganizo chilichonse umayezedwa ndi zimene wochilemba ali wokonzeka kuchita chifukwa cha icho.

Pa chiyankhulo pali zinthu ziwiri zofunika kuzitchula. Choyamba, malemba ambiri tsopano ali m'Chingerezi, ndipo pafoni pamayenda timauthenga ta m'mawa tokongoletsedwa ndi maluwa, totumizidwa kwa anthu makumimakumi nthawi imodzi. Ambiri mwa mauthengawa amauza munthu kuti angoganiza zabwino ndipo zabwinozo zidzamutsata. Alibe dzina la malo, alibe fungo la msika, ndipo wotumiza sanatayepo kanthu koposa kudina batani. Dzina la pa okala lidalipiridwa penti, ndipo mwiniwake amakhala pansi pake dzuwa lonse. N'chifukwa chake limakhulupirika. Chachiwiri ndi kalembedwe. Bungwe la Chichewa, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, lidaika malamulo a kalembedwe, ndipo kuyambira mu 1996 ntchito yosamala ziyankhulo idapita ku Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malawi. Limodzi mwa malamulowo limati r amalembedwa pambuyo pa i kapena e, ndipo l amalembedwa m'malo ena onse. Olemba zikwangwani ambiri salitsata, kotero kuti kupirira amakulemba m'njira zitatu kapena zinayi. Wophunzira asatengere zolakwikazi pa mayeso, komanso asanyoze olembawo, pakuti iwo ndiwo asunga Chichewa pamalo oonekera pamene zikwangwani za m'maofesi zidachitaya.

Kuunika konseku kukusonyeza kuti malemba a m'mbali mwa msewu si ofanana mtengo. Abwino koposa ndi amene mlembi akudziyankhula yekha, modzichepetsa, pa zinthu zimene akuzisenza. Apakatikati ndi amene amatonthoza koma osalozera chochita. Oopsa ndi amene wamphamvu amauza wofooka kuti akhale chete, kapena amene munthu amabisalamo pothawa udindo wake. Wophunzira wa Fomu 4 akufunika kudziwa kusiyana kumeneku kuposa wina aliyense. Akatuluka pachipata cha sukulu adzayenda ndi makalata ake kuchokera ofesi ina kupita ina, ndipo adzauzidwa kambirimbiri kuti adikire, apirire, ayamike. Ena omuuzawo adzakhala omufunira zabwino, ena adzakhala omudyera masuku pamutu, ndipo onse adzagwiritsa ntchito mawu amodzimodzi. Akuluakulu adati sunga khosi mkanda uoneka, koma sadanene kuti wosunga khosiyo apinde manja. Angathe kuphunzira ntchito ya manja, kulowa m'gulu losunga ndalama, kubzala mtengo m'phiri limene lidametedwa, ndi kufunsa mwaulemu koma mosaopa pamene chake chalandidwa. Tsiku lina naye adzakhala ndi khoma lake, kaya la sitolo, kaya la kalasi, kaya la nyumba ya ana ake, ndipo oyenda m'njira adzayerekeza zimene walembapo ndi mmene akukhalira.

Mafunso

1. Tchulani mafunso atatu amene mlembi akuti wounika ayenera kufunsa, ndipo fotokozani chifukwa chimene lachitatu lili lofunika koposa.
2. Siyanitsani kudikira, kuleza mtima, kupirira ndi kudekha. Perekani chitsanzo chimodzi pa liwu lililonse.
3. N'chifukwa chiyani mlembi akuyamikira dzina lakuti "Tiyeseko" kuposa mawu akuti "Zonse ndi Nthawi"? Kodi mukugwirizana naye?
4. Pezani miyambi isanu m'nkhaniyi ndi kufotokoza mmene uliwonse wagwiritsidwira ntchito.
5. Lembani mawu khumi amene mwawawerenga pamakoma kapena pamagalimoto kwanuko, ndipo unikani atatu mwa iwo m'ndime zitatu.